Kumpoto kwa Mwala wa Ng'ombe

Pa chilumba cha Tormu pankakhala anthu asanu, ndipo palibe amene ankaloledwa kufa asanauze anzake. Inali nthabwala ya Aare imeneyo, bambo wina wa asanuwo, koma ankaiseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Khonsolo ya kumtunda inali ndi lamulo lake: boti la boma lizipita Lachiwiri ndi Lachisanu ku chilumba chilichonse chimene pamagona anthu osachepera asanu nyengo yonse yachisanu. Zilumba za m'mbali mwa Estonia n'zambirimbiri, anthu a dzikolo ndi ochepa, ndipo ochepawo anakaunjikana ku Tallinn, likulu lawo, ngati kwina konseko kuli nsikidzi. Choncho zilumba zambiri n'za mbalame, ndipo mbalame sizifuna boti.

Lamulolo linali ndi mwendo wachiwiri: chilumbacho chikhale chilumbadi. Malo amene munthu angafikeko wapansi, khonsolo sinkawawerengera. Kwina anthu angaseke lamulo lotere, koma ku Tormu nkhani inagona pomwepo, chifukwa nthaka ya kumeneko imakwera. Kalekale inapsinjidwa ndi madzi oundana okhuthala ngati mapiri, ndipo chichokereni katunduyo ikudziwongolabe pang'onopang'ono, ngati mayi amene watula mtolo wa nkhuni. Pachaka imakwera msinkhu wa kambewu ka tirigu, koma zaka sizitopa. Pamene agogo ake a Ilme, mayi wachikulire wa pa chilumbapo, ankamangirira bwato, Ilme ankadyetsapo nkhosa. Ndiye mphepo ya kum'mawa ikaomba masiku angapo n'kukankhira nyanja kutali, pakati pa Tormu ndi kumtunda pankatsala madzi a m'mawondo, ndipo wodziwa popondapo ankatha kuwoloka.

Odziwawo anali a pa Tormu okha. Mwana akakula ndithu, bambo kapena mayi ake ankamuwolotsa kamodzi, kuti tsiku la matenda asadzasowe chochita. Osaika chizindikiro, osauza wakumtunda. Akabwera a khonsolo kudzafufuza mphekesera, ankawanyamula pa bwato n'kuwadutsitsa pozama, akudandaula za mafunde. Banja lililonse linali ndi mzere wake wa m'madzimo, wosiyana pang'ono ndi wa anzawo, koma onse ankalambalala Mwala wa Ng'ombe chakumwera, kumene kuli kosaya. Onse kupatula a ku Kopli, banja la Endel, mwamuna wa Ilme. Ng'ombe ya agogo awo inatitimira m'matope chakumwerako, dziko lisanakwere, ndipo kuyambira pamenepo a ku Kopli ankadutsa kumpoto, madzi m'chiuno, anzawo akuwaseka kuti akulirabe maliro a ng'ombe.

Ilme anabadwira m'nyumba yomwe ankagonamo. Kumtunda ankapitako kukazulitsa dzino kapena kukaona mwana wawo Piret ku tauni ya Haapsalu, ndipo maulendo onsewo ankabwerako mutu ukuwawa. Boti ndilo linkabweretsa ufa, gasi, mankhwala a Vaike mlongo wake wa Aare, ndi wobaya nkhosa jakisoni. Boti litasiya, palibe akanagonanso pa Tormu m'chisanu, ndipo Ilme akanakathera m'kachipinda ka kwa Piret, akuyang'ana magalimoto pa windo.

Endel kachipindako ankakatchula kawirikawiri, koma moseka.

"Madzi otentha kutuluka m'khoma, mayi wa nkhosa! Munthu kumayenda ndi masokosi okha mu Januwale!"

"Pita ukakwatire mpopewo, mdala."

"Ine? Komwe uli ndi komwe ndili," ankayankha Endel, n'kumusisita paphewa. Ilme ankakhulupirira mawuwo monga ankakhulupirira pansi pa nyumba yake.

Mu Okutobala wa chaka chimenecho mphepo ya kum'mawa inaomba kuyambira kumapeto kwa sabata osapuma. Endel ankalawirira kukaona maukonde, n'kubwerako ndi tinsomba tochepa ndi buluku lonyowa, limene ankaliyanika kuseri kwa mbaula.

"Munthu wamkulu kunyowa chonchi uli m'bwato? Kapena umapalasa ndi matako?"

"Bwato lakalamba ngati mwini wake, likudontha," anatero Endel.

Lachitatu m'mawa nkhosa ziwiri zinasowa, ndipo Ilme anakoka Endel kuti akazifune kuseri kwa bango, mbali ya kum'mawa, kumene kulibe nyumba ndipo sikupita munthu. Nkhosazo anazipeza zikudya udzu wamchere pamatope amene dzana anali nyanja. Ilme atakweza maso anaona china. Kuchokera pagombe pomwepo, kulowera kumtunda, munali mzere wa timitengo ta mkungudza tozikidwa m'madzi, kamodzikamodzi, mpaka kumene maso ankalekezera. Ndipo kutali, pakati pa nyanja, kanthu kachikasu kankabwera pang'onopang'ono.

"Mdala, uyo ndi munthu?"

Endel anatchinga maso ndi dzanja. "Munthu. Akuyenda."

"Ndikuona kuti akuyenda! Ndani wazika zimenezi?"

Endel analavula pansi. Anatukwana mdyerekezi, anatukwana khonsolo, anatukwana amake a munthu amene anadula timitengoto, mpaka nkhosa zinasiya kudya. Kenako anatsitsa mawu.

"Sindikunena kanthu ine. Koma pa chilumba pano amene amajambula mapu ndi mmodzi."

Ankanena Maret. Maret anali mtsikana wa ku Tartu amene anabwera mchimwene wake wa Endel atamwalira, anthu atatsala anayi. Ankagwira ntchito pa kompyuta, kujambulira mapu makampani akunja, ndipo anati ntchitoyo angaigwire paliponse pamene pali magetsi ndi bata. Anamulandira ndi manja awiri chifukwa anali wachisanu pa chiwerengero, koma njira ya m'madzi sanamusonyeze. Wobwera ndi wobwera.

Wachikasuyo anafika: mayi wa msinkhu wapakati, wovala buluku la mphira lofika m'chifuwa, ndodo yoyezera madzi ili m'manja. Anapuma kaye, n'kupukuta magalasi.

"Mwadzuka bwanji? Ndine Mayi Oja, wa ku khonsolo. Pepani pobwera osagogoda. Sindinaone chitseko."

"Chitseko chathu ndi boti," anatero Ilme. "Limabwera Lachisanu."

"Ndi nkhani yomwe ndabwerera. Tinauzidwa kuti lero munthu akhoza kufika kuno wapansi, ndiye ndimati ndione ndekha. Ndaona."

"Anakuuzani ndani?"

"Anapempha kuti ndisamutchule."

Ilme anamusiya mlendoyo ndi Endel, iye n'kuthamanga mmene sanathamangirepo chiyambire kukalamba. Anakapeza Maret akuwaza nkhuni mwa njira yake ya m'tauni, nkhwangwa ikudumpha pachipika. Sanapereke moni.

"Tinakupatsa nyumba, tinakupatsa mbatata, Aare anakukonzera denga. Wagulitsa zingati?"

"Ndagulitsa chiyani, azakhali?"

"Usandiyese mwana! Wa khonsolo ali kuseri kwa bango, wabwera wapansi. Nyanja yonse timitengo, ngati munda wa tomato."

Maret anaika nkhwangwa pansi. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu.

"Azakhali a Ilme, ndagona nanu pano nyengo zachisanu zitatu. Mukayamba kukamba za njira imeneyo, ndikangolowa mumasintha nkhani n'kuyamba za mitengo ya ubweya. Mumaganiza sindiona? Ndingasonyeze bwanji munthu njira imene munandimana? Mapu anga ndi a misewu ya ku Holland. Ndipo boti likasiya, woyamba kulongedza ndine, chifukwa ndilibe ngakhale bwato lodontha."

Mtsikanayo anatulutsa foni m'thumba, akupumirabe m'mwamba, n'kuyang'ana za nyengo.

"Kukwiya ndikwiya mawa. Taonani apa. Masana mphepo itembenuka, ichokera kumadzulo, ndipo yamphamvu. Madzi abwerera. Mayiyo wati abwerera bwanji kwawo?"

"Mmene wabwerera."

"Ndiye asanyamuke msanga. Muli ndi chiyani m'nyumba?"

Ilme anamuyang'ana. Kenako anayamba kuwerenga pa zala: supu wa nsawawa wa dzulo, nsomba zowamba, buledi wakuda wotuluka kumene mu uvuni, maapozi.

"Ndikaitana Aare," anatero Maret. "Ameneyo akayamba za mkuntho, ngakhale wotchi imagona."

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tsiku limenelo a pa Tormu anatsimikiza kuti mame awa akhalitse. Mayi Oja anati angomwa khofi, akadali chiimire. Ilme anamuvula buluku la mphira lija pafupifupi mokakamiza, nati munthu sangamwe khofi atavala ngati chule. Anamukhazika pakona, kuseri kwa tebulo, kumene sungatulukeko popanda kudzutsa anthu atatu. Aare anakhala mbali imodzi, Vaike mbali ina.

"Mayi, inu mwabadwa dzulo," anayamba Aare, akupaka batala pa buledi mosafulumira. "Simunaone mkuntho umene unanyamula chimbudzi cha abusa a tchalitchi n'kukachiimika pa doko, chitseko chili chotseka."

"Munalibe munthu?"

"Funso labwino. Kuti ndiyankhe, ndiyambe ndi abusawo, ndi m'mimba mwawo."

Vaike, amene makutu ake anatseka kalekale, ankafunsa mlendoyo kuti ndi mwana wa yani, ndipo akayankhidwa ankagwedeza mutu n'kufunsanso. Maret anatulutsa mafunso a ophunzira: ndodo yoyezerayo ndi ya mtundu wanji, khonsolo imagwiritsa mapu a chaka chiti. Ilme ankadzaza mbale isanathe. Mtima wake unali pa windo, pa nsonga za mitengo ya paini zimene zinali zitaweramirabe kumadzulo.

Endel yekha ndiye ankasokoneza. Sanakhale pansi. Ankayenda kuchoka pa mbaula kupita pa windo.

"Mayi, musachedwe. Madzi a kuno sadikira munthu."

Ilme anamuponda phazi podutsa ndi ketulo. Anaganiza kuti mdalayo ndi wopusa chabe, woona mtima mopitirira, munthu amene sangathe kunamiza ngakhale nkhosa. Anamumvera chisoni pang'ono.

"Musade nkhawa, bambo, njira ndaidziwa tsopano," anatero Mayi Oja, akuchotsa minga ya nsomba. "Amene anazika timitengoto anagwira ntchito yabwino. Malo amodzi okha ndi amene anandidabwitsa. Pali chimwala chachikulu chakufupi ndi kumtunda, chooneka ngati msana wa nyama."

"Mwala wa Ng'ombe," anatero Aare.

"Umenewo. Kumwera kwake ndinkaona mchenga pansi, madzi osafika ndi m'mawondo momwe. Koma timitengo tinandizunguliritsa kumpoto, madzi m'chiuno, ozizira ngati mpeni. Ndinati mwina kumwerako kuli dzenje. Kuli dzenje?"

Mpeni wa batala wa Aare unaima m'mwamba. Maret, amene sankadziwa za ng'ombe ya a ku Kopli, anayang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi.

"Wati chiyani?" anakuwa Vaike.

"Akuti nsomba zakoma," anatero Aare. "Idya, Vaike."

Ilme anali ataweramira kapu ya mlendo, ketulo ili m'manja. Anathira mpaka pamene pamayenera, osataya ngakhale dontho. Atawongoka, maso ake anapita okha kuseri kwa mbaula, kumene buluku la mwamuna wake linali chiyanikire. Linali litauma, ndipo mchere unasiya mzere woyera pa nsalu, kuzungulira m'chiuno. Bwato lodontha limanyowetsa mapazi. A ku Kopli anatha pafupifupi onse. Wina ali kumanda kuseri kwa tchalitchi, ena anamwazikira ku Sweden nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe. Wotsala anali mmodzi, ndipo anaima pa windo atapereka msana, khosi lake litafiira ngati la tambala.

Munthu angabise dzina, angatukwane amake omwe pamaso pa nkhosa, koma mapazi amapita kumene bambo ake anawaphunzitsa.

Ilme anafuna kuponya ketuloyo. Koma nsonga za paini zinali zisanatembenuke, ndipo mlendo anali atayamba kufunafuna magalasi ake.

"Kulibe dzenje," anatero Ilme, mawu ali phee. "Kuli anthu ena amene amakonda kunyowa. Simunalawe keke ya maapozi. Mdala, kasonkhe moto ku sauna. Mayiwa awoloka madzi ozizira, sangabwerere asanasambe nthunzi kuti mafupa atenthedwe."

"Koma nthawi…"

"Kasonkhe moto, Endel."

Anatuluka osayang'ana munthu. Ilme anadula keke, nafunsa za ana a mlendoyo, naseka pamene pankafunika kuseka. Aare anabwerera kwa abusa ndi chimbudzi chawo, koma tsopano ankalankhula ngati munthu wopalasa bwato lolemera, ndipo nthawi ndi nthawi ankamuyang'ana Ilme mwachifundo chimene chinkapweteka kuposa chipongwe.

Keke ili pakati, chitseko cha khola chinamenyeka panja. Utsi wa ku sauna, umene unkapita kunyanja yaikulu, unapindika n'kuloza kumtunda. Mayi Oja anamva chitsekocho, nayang'ana pa windo, nayang'ananso mbale yake.

"Ndikudziwa chimene mukuchita," anatero. "Koma ndipatseniko kachidutswa kena."

Pamene ankafika kuseri kwa bango, matope a m'mawa aja kunalibe. Nyanja inali itabwerera, yotuwa, yokwiya, ndipo timitengo tinkangooneka nsonga pakati pa mafunde. Mayi Oja anaviika ndodo yake pafupi ndi gombe, naitulutsa, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndabwera wapansi, ndibwerera pa boti. Mundiuze inuyo, ndikawauze chiyani akuluakulu? Kuti Tormu ndi chilumba masana okha?"

"Muwauze kuti munagona kuno masiku awiri osafuna," anatero Maret. "Bedi lilipo kwanga."

"Ndikanena zimene ndaona, zonse ziwiri. Chaka chino sindikhulupirira kuti angachotse boti chifukwa cha njira imene imatseka munthu akudya keke. Koma nthaka ikukwera, mayi, ndipo tsopano akudziwa. Adzatumanso wina." Anatembenukira kwa Ilme. "Za anthu asanu zija, pamenepo ndiye palibe kukambirana. Mukatsala anayi, sindingakuthandizeni."

"Tilipo asanu," anatero Ilme.

Ena atapita, Ilme anatsala pagombe. Analowa m'madzi ndi majombo ake n'kuzula kamtengo koyamba. Kanali kosongoledwa bwino, mbali zitatu, monga Endel ankasongolera zikhomo za mpanda wa nkhosa. Anamva mapazi kumbuyo, koma sanatembenuke.

"Sauna yatentha," anatero Endel.

"Unatukwana amako m'mawa uja. Pamaso panga."

Endel anakhala pa mwala. Anavula chipewa, nachivalanso.

"Mawondo angawa, Ilme. Chaka chatha, pamene doko linaundana, ndinakoka gasi pa chilere kuchokera kumene boti linaima, ndipo pofika kunyumba ndinkalavula magazi. Sunaone?"

"Ndinaona. Ndinakuuza kuti upite kwa dokotala."

"Dokotala ali kumtunda! Zonse zili kumtunda! Mdzukulu wathu akundiitana kuti 'bambo aja a pa chilumba'. Ndakhala ndikukuuza."

"Wakhala ukuseka. Masokosi mu Januwale. Ndikakufunsa, umati komwe ndili ndi komwe uli."

"Ndipo n'zoona! N'chifukwa chake sindinapite ndekha."

Ilme anatuluka m'madzi, kamtengo kali m'manja. Chiyambire pa tebulo paja panali chinthu chimene chinkamuzunguza mutu kuposa mkwiyo, ngati mfundo ya ukonde imene sukuona poyambira. Tsopano anapeza nsonga yake.

"Tandithandiza kuwerenga, mdala, ine sukulu sindinapite nayo patali. Tilipo asanu. Iwe ukanafuna kupha boti, sukanavutika ndi timitengo. Ukanangokwera Lachisanu ndi sutikesi yako, ife n'kutsala anayi, basi. Osanyowa ndi pang'ono pomwe. Ndiye n'chifukwa chiyani munthu wa mawondo owawa analawirira masiku onsewa kukaima m'madzi ozizira?"

Endel anayang'ana nsonga za timitengo pakati pa mafunde.

"Ndikuuze ine. Ukanakwera boti, aliyense akanadziwa kuti ndiwe. Aare akanadziwa, Vaike akanadziwa, ine ndikanadziwa. Iwe umafuna boti life, koma wolipha akhale nyanja. Kapena khonsolo. Kapena mwana wa eni ake uja, amene unandituma kuti ndikamulalatire."

"Sindinakutume."

"Unangoloza. Ndipo kalata ya khonsolo ikanabwera, ine ndikulira, ukanandigwira paphewa. Eti? Ukanati, 'Usalire, mayi wa nkhosa, tayesetsa.' Ukanandithandiza kugulitsa nkhosa. Ndikanakhala m'kachipinda ka Piret mpaka kufa, ndikuthokoza Mulungu kuti nyanja inandilanda zonse koma inandisiyira mwamuna wabwino."

"Ukanazolowera, Ilme. Anthu amazolowera."

"Ukanandifunsa."

"Ukanakana!"

"Ndikanakana, inde. Ndipo tikanakangana, mbale zikanasweka, mwina ukanapita, mwina ndikanakutsatira patapita chaka. Sindikudziwa. Unandilanda ngakhale mkanganowo."

Mphepo inkawomba bango mpaka kugona. Endel anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Ankaoneka wokalamba, wamng'ono, ndipo Ilme anadana ndi mtima wake chifukwa unkafunabe kumuuza kuti avale mpango.

"Ndiye ukundithamangitsa?" anafunsa Endel.

Ilme anaseka, kuseka kouma kumene iye mwini sanakuzindikire. Apa ndi pamene mfundo ija inamangikanso, mbali inayo. Mkazi wina aliyense m'dziko lonselo akanatha kuloza doko n'kunena kuti pita. Iye yekha ndiye sakanatha.

"Ndikuthamangitse? Ndiwe wachisanu pa chiwerengero. Ndikakuthamangitsa ndakumalizira ntchito yako."

"Nanga ndikapita ndekha?"

"Pita. Lachisanu, masana, aliyense ali pa doko. Umuyang'ane Vaike m'maso, umukuwire m'khutu kuti mankhwala ake sadzabweranso chifukwa iwe ukufuna madzi a m'khoma. Ukatha zimenezo, ndidzakunyamulira sutikesi ndekha."

Endel anayang'ana pansi. Onse awiri ankadziwa yankho. Munthu amene angathe zimenezo sakadula timitengo.

Dzuwa lisanalowe, Ilme anakweza matiresi, bulangete, buluku la Endel lija ndi mpango pa wilibala, nakankha kudutsa m'mudzi. Anadutsa nyumba zotsekedwa ndi matabwa, sukulu imene munkagona akadzidzi, mpaka ku Kopli, kumapeto a kumpoto, kumene sikunafuke utsi chimwalirireni mchimwene wake wa Endel. Anatsitsa katunduyo pakhonde. Endel ankabwera m'mbuyo, manja ali m'thumba.

"Chumuni chake ndi chabwino, Aare anachiona chilimwe chatha. Buledi uzidzatenga pa windo Loweruka. M'mawa uliwonse ndizifuna kuona utsi. Ndikapanda kuuona ndidzabwera, osati chifukwa cha iwe."

"Mpaka liti, Ilme?"

"Funsa nthaka. Siyifulumira."

Pobwerera anapatukira kwa Maret. Mtsikanayo anali panja, akulimbana ndi chipika chija.

"Wati ukwiya mawa," anatero Ilme. "Ndabwera kuti uyambe lero."

"Azakhali, ndamva kwa Aare. Pepani."

"Wopepesa ndine. Gwira nkhwangwayo kumapeto, sikuluma. Mphepo ikadzabwereranso kum'mawa, udzavale majombo. Tikazula zinyalala zija, ndipo ndidzakusonyeza popondapo. Kumwera kwa mwala, ngati anthu."

Lachisanu boti linabwera. Endel anali pa doko pamodzi ndi ena, wopanda sutikesi, ndipo ananyamula thumba la ufa la Vaike osapemphedwa. Aare sanamulankhule. Ilme anatsanzikana ndi Mayi Oja, namupatsira nsomba zokulunga m'pepala.

Boti litatalikira, woyendetsa wake anayang'ana m'mbuyo monga ankachitira nthawi zonse, kuwerenga utsi pamwamba pa mitengo. Zaka zonsezi unkafuka malo atatu: kwa Ilme, kwa Aare ndi Vaike, ndi kwa Maret. Anachotsa ndudu pakamwa n'kugunda Mayi Oja ndi chigongono.

"Taonani, mayi, malo anayi! Mukalembe zimenezo ku khonsolo kwanuko. Dziko lonse anthu akutha, koma pa Tormu akuchuluka."